Kaulendo ka Awiri Mwana Asanabadwe: Ku Mfuwe, ku Cape Town, Kapena Tingokhala?

Funso: Ndine mayi wa ku Lilongwe, ndili ndi pakati poyamba, masabata 22. Chikwatiranireni ine ndi amuna anga sitinapiteko kulikonse, ndiye tikufuna titatuluka kunja kwa dziko kumapeto a sabata, awiriwiri, mwana asanabwere. Iwo akufuna tipite pa galimoto ku Mfuwe, ku Zambia, tikaone nyama. Ine mtima uli ku Cape Town. Tikhoza kupita pa holide ya Tsiku la Anakubala mu Okutobala, kapena kudikira Khirisimasi pamene m'thumba mudzakhale bwinoko. Apongozi anga akukana, akuti munthu wa pakati sayenda ulendo wautali. Kodi n'zoopsadi? Tipite kuti, ndipo liti?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kundiuza masabata osati miyezi. Ife azamba timawerenga masabata chifukwa "miyezi isanu" ya mayi wina ndi masabata 19, ya mnzake ndi 23, ndipo pa nkhani ya ulendo kusiyana kumeneko si kwamasewera. Mwalemba pakati pa Sepitembala muli pa 22. Ndiye kuti pa 15 Okutobala mudzakhala pa 26, ndipo pa Khirisimasi pa 36. Za Khirisimasi ziiwaleni. Makampani ambiri a ndege amasiya kunyamula mayi wa mwana mmodzi akafika masabata 36, wa mapasa pa 32, ndipo kuyambira pa 28 ambiri amafuna kalata ya dokotala yonena tsiku loyembekezera kuchira komanso kuti mimba ilibe vuto. Amene amakulandirani pa kauntala pabwalo la ndege si namwino. Akaona mimba yatukuka koma pepala mulibe, ali ndi mphamvu yokubwezani, tikiti ili m'manja. Komanso amawerengera tsiku lobwerera, si lonyamuka lokha: munthu atha kupita ali wololedwa n'kukakanidwa pobwera. Onjezanipo mvula, udzudzu ndi magalimoto a anthu a chikondwerero m'misewu. Pa masabata 36 chikwama cha kuchipatala chizikhala chomangamanga pafupi ndi chitseko, osati sutikesi ya ku holide.

Okutobala ndiye nthawi yake. Kuyambira sabata ya 14 kufika ya 28 nseru imakhala itatha, mphamvu zabwerera, mimba sinayambe kulemetsa, ndipo chiopsezo chopita padera chatsika kwambiri. Choncho sindikukuletsani. Pitani. Koma kumene mukasankheko musasankhe ndi zithunzi za pa Facebook.

Anthu ambiri amaopa ndege yeniyeniyo, pamene ndege ndi chinthu chaching'ono pa nkhani yonseyi. Ndege siyambitsa matenda oti mwana abadwe, siswa nsupa. Mpweya wa m'kati mwake umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ngati pamwamba pa Nyika, ndipo mayi amene magazi ake ndi okwanira sazimva n'komwe. Makina ounikira anthu pachipata cha bwalo la ndege nawonso savulaza mwana. Funso limene ine ndimafunsa banja lililonse ndi ili: matenda atati ayamba 2 koloko usiku wa Loweruka, mudzakhala patali bwanji ndi chipatala chimene chingachite opareshoni, kuika magazi, ndi kusunga mwana wosakwana masiku?

Ndikufunsa chonchi chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso anga. Zaka zapitazo ndikugwira ntchito pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanja, usiku kunafika galimoto ya loji. Munatsika banja lachinyamata lochokera dziko loyandikana nalo, linabwera kudzangopuma Loweruka ndi Lamulungu. Mayiyo anali pa masabata 29, nsupa itasweka. Mwamuna wake anali ndi kabudula, mchenga udakali m'mapazi, foni ili kukhutu akufunsa akuchikazi kwawo gulu la magazi a mkazi wake, netiweki ikudukaduka. Kabuku ka kusikelo anakasiya patebulo kunyumba poti "ndi masiku awiri okha". Sitinadziwe kumene nsengwa yakhala, sitinadziwe zimene anayezedwa kale, ngakhale tsiku loyembekezera ankalinena mokayikira. Tinayambira pachiyambi, tinamubaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, ndipo kusanache tinawakweza ambulansi kupita ku chipatala chachikulu. Mwanayo ali moyo, koma anagonera kunazale pafupifupi miyezi iwiri, makolo ake akudyera nsima m'makontena pakhonde la chipatala cha dziko la eni. Nyanja sinaswe nsupa ija ayi. Ikanaswekabe ali kwawo. Koma kwawo akanakhala mphindi 20 kuchokera kwa dokotala wowadziwa.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kwathu kuno kubadwa masiku asanakwane si nkhani yachilendo. Lipoti lina lalikulu la mu 2012, limene bungwe la WHO linatengapo mbali, linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 pa 100 aliwonse. Mwana wa masabata 26 safika n'komwe kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Mapapo ake sanakhwime. Kumufungatira pachifuwa kwa kangaru kokha sikukwana. Amafunika makina omuthandiza kupuma ndi anamwino omuyang'anira usana ndi usiku. Mwayi woti zimenezi zikuchitikireni inu, pa masiku atatu amenewo, ndi wochepa zedi. Koma poti zikachitika zimakhala zazikulu, ndi zimenezi zimene ziyenera kusankha malo.

Tiyambe ndi Mfuwe. Bambo akunyumba sanasankhe molakwa pa nkhani ya nyama. Mu Okutobala madzi amakhala ataphwa m'tchire, nyama zonse zimatsikira ku mtsinje wa Luangwa, mvuu zimapanikizana m'maiwe otsala, ndipo anyalugwe amaoneka kuposa m'malo ambiri mu Africa. Ulendonso ndi wotheka: makilomita opitirira pang'ono 100 kufika pa boda ya Mchinji ndi Mwami, kenako Chipata, kenako makilomita ena pafupifupi 130 a tala kutsetserekera kuchigwa. Ndi za paboda zomwe, ndi maola 5 kapena 6. Koma Okutobala ndi mwezi wotentha koposa m'chigwa chimenecho. Kutentha kumapyola madigiri 40. Amene anakhalapo ku Nsanje kapena ku Chikwawa nthawi ngati imeneyi akudziwa chimene ndikunena. Thupi la mayi woyembekezera limakhala lotentha kale, mitsempha yotakasuka, ndipo likasowa madzi chizungulire chimabwera msanga, chiberekero n'kuyamba kukokakoka. Kukaona nyama kwake ndi kukwera galimoto yopanda denga lenileni m'mamawa kwambiri, kuyenda maola pafupifupi anayi m'tinjira ta mabampu, ndipo chimbudzi chake ndi kuseri kwa chitsamba wolondolera ataona kaye kuti kulibe mkango. Pa masabata 26, pamene mwana wayamba kupondaponda chikhodzodzo, taganizirani. Mabampuwo sagwetsa mwana monga ena amanenera, koma msana ndi chiuno zidzakuuzani mawa lake. Kuli akashembe, amene amaluma ngakhale pa malaya, ndipo ngakhale kaodzera sagwira alendo kawirikawiri, ndi matenda amene sitifuna kukumana nawo pa munthu wa pakati. Chachikulu n'chakuti chipatala chachikulu cha m'derali ndi Chipata Central, maola awiri kapena kuposerapo kubwerera m'mbuyo, usiku, pa msewu umene kufupi ndi Mfuwe njovu zimadutsa.

Ndiye pali malungo. Mwina mukuti, "Malungo ndiye akwathu omwewa, chachilendo n'chiyani?" Apa ndi pamene amayi ambiri ophunzira amapusitsika. Munthu wokulira kuno amakhala ndi kachitetezo ndithu, koma mimba yoyamba imakafooketsa. Tizilombo ta malungo timakabisala mu nsengwa, kumene chitetezo chakalecho sichikudziwa, ndipo mayi atha kuyenda bwinobwino osamva kutentha thupi pamene magazi akuchepa ndipo mwana sakukula. N'chifukwa chake kusikelo amakumwetsani Fansidar pamaso pa namwino kuyambira sabata ya 13, mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu. Onetsetsani kuti mwamwa wa mwezi umenewo musananyamuke. Amayi amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwa Fansidar, awo Bactrim yemweyo akugwira ntchitoyo. Koma Fansidar si linga. Munthu wogona m'nyumba ya mawaya m'mawindo mu tauni ya Lilongwe salumidwa mofanana ndi wokhala pakhonde la loji m'mphepete mwa Luangwa dzuwa likulowa. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET ndi ololedwa kwa oyembekezera. Doxycycline, amene alendo ena amamwa popewa malungo, ndi woletsedwa, mnzanu asakugawireni. Kwa azichemwali amene akhala zaka ku Britain kapena ku Cape Town komweko n'kumaganiza zobwera kudzapuma ku nyanja ali ndi pakati, nkhaniyi ndi yolimba kuposa apa, chifukwa kachitetezo kaja kanatha kalekale.

Choncho Mfuwe, kwa ine, isungeni. Njovu sizisamuka. Mudzapite mu Juni kapena Julayi wa chaka china, kukuzizira, mwana atasiyidwa kwa agogo ake.

Cape Town pa zaumoyo ilibe mlandu. Kulibe malungo, madzi a pampopi ndi abwino, mu Okutobala nyengo ndi yofatsa kupatula mphepo, ndipo zipatala zake ndi zina mwa zotchuka mu Africa muno. Ku Groote Schuur n'kumene munthu anaikidwa koyamba mtima wa munthu wina mu 1967. Zoti muchite mosadzipha ziliponso: kukwera Table Mountain pa kangolo ka pachingwe kamene kamafika pamwamba m'mphindi zisanu, kuyenda pang'onopang'ono m'munda wa maluwa wa Kirstenbosch, kukaona mbalame za penguin ku Boulders. Boti la ku Robben Island ndingalisiye ngati nyanja yawinduka, chifukwa nseru imene munatsanzikana nayo idzakupezani pakati pa madzi. Vuto la Cape Town ndi kutalika. Kuchoka pa Kamuzu International Airport kufika ku O.R. Tambo ku Johannesburg ndi maola pafupifupi awiri ndi theka ngati ndege siima ku Blantyre, kenako kudikira, kenako maola ena awiri. Tsiku lathunthu popita, tsiku lathunthu pobwera. Pa masiku atatu mwatsala ndi limodzi, ndipo limodzilo mudzaligona mapazi ali pa pilo. Ngati mungapeze masiku asanu, Cape Town ndi yabwino. Ngati ndi Lachisanu mpaka Lolemba, mukulipira ndalama zambiri kugula kutopa.

Chenjeraninso ndi matikiti otchipa a pa intaneti odzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Mumayamba mwapita kumpoto kuti mubwerere kummwera, ndipo kuchoka ku Addis Ababa kufika ku Cape Town kokha ndi maola oposa 6. Kuonjezera apo, Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko okhala ndi matenda a yellow fever, ndipo South Africa imafuna kabuku kachikasu ka katemera kwa munthu amene wakhala pabwalo la ndege la dziko lotero maola oposa 12. Ngati munabayitsa kale muli bwino, chifukwa kuyambira mu 2016 katemerayu amawerengedwa wa moyo wonse. Ngati simunabayitse, ino si nthawi yake: ndi katemera wa kachilombo kamoyo, ndipo sitibaya woyembekezera chifukwa cha holide. Za basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, imene imadya usana ndi usiku n'kupitirira, tisakambe n'komwe.

Mukanakhala mng'ono wanga ndikanakuuzani kuti mutsikire pa Johannesburg pomwepo n'kukagona ku Pretoria. Ndege ndi imodzi, malungo kulibe, zipatala zazikulu zili ponseponse, ndipo pasipoti ya Malawi imalowa masiku 30 popanda viza. Mu Okutobala misewu ya Pretoria imakhala bii ndi maluwa a jakaranda. Mudzati ndi omwe aja a ku Lilongwe, koma kuchuluka kwake n'kwina. Ndipo bambo sataya nyama zawo. Malo osungira nyama a Dinokeng ali kumpoto kwa Pretoria, osakwana ola limodzi, ndipo Pilanesberg ili maola awiri ndi theka kapena atatu kuchokera ku Johannesburg. Konseko kuli mikango, njovu, njati, anyalugwe ndi zipembere (zipemberezo ku South Luangwa, malo osungira nyama a ku Mfuwe, simungazione), ndipo konseko kulibe malungo. Mumayendetsa nokha galimoto yobwereka, mawindo otseka, mpweya wozizira ukuwomba, ndipo mukatopa mumangotembenuka. Ku malo osungira nyama a Kruger musatengeke nako, kumeneko malungo aliko. Sikudzakhala kuthengo kwenikweni ngati ku Luangwa, zimenezo ndikuvomera, ndipo bambo adzadandaula pang'ono akaona mkango magalimoto asanu atauzungulira. Adandaule.

Kulikonse kumene mungasankhe, ulendo umayambira kusikelo. Pa maulendo 8 a kusikelo amene tikutsatira masiku ano, umodzi umagwera pa sabata ya 26 yomweyi, ndiye pitani sabata imodzi musananyamuke ndipo nenani poyera kuti mukuyenda. Akuyezeni kuthamanga kwa magazi. Kukafika 140 pa 90, ulendo wafera pomwepo. Akuyezeni kuchuluka kwa magazi, chifukwa pansi pa 11 ndiye kuti ayamba kuchepa, ndipo akachepa kwambiri ndege siyenera. Ayeze mkodzo, poti matenda a m'chikhodzodzo amene simukuwamva ndi amodzi mwa zoyambitsa matenda masiku asanakwane. Ngati simunapange sikani ya pakati pa mimba, pangani, tidziwe kuti mwana ndi mmodzi ndiponso kuti nsengwa sinatseke khomo la chiberekero. Pali amayi amene ndimawaletsa osazengereza: amene anatayapo magazi pa mimba yomweyi, a nsengwa yotsika, a khomo la chiberekero lalifupi kapena losokedwa, a mapasa, a sickle cell, a shuga kapena BP yosakhazikika, ndi amene magazi anawaundanapo m'mitsempha. Ngati muli m'gulu limeneli, yankho langa lonseli silikukhudzani. Pemphaninso kalata ya dokotala ngakhale simunafike pa 28, chifukwa mimba zina zimaoneka zazikulu kuposa masabata ake, ndipo funsani kampani ya ndege yeniyeniyo malamulo ake musanalipire. Kabuku ka kusikelo kakhale m'chikwama cha m'manja, ndipo masamba ake muwajambule pa mafoni onse awiri. Mapiritsi owonjezera magazi, ma ARV kwa amene amamwa, ndi mankhwala ena alionse akhalenso m'manja, oonjezerapo a masiku angapo. Sutikesi imasochera.

Tsopano ndalama, pamene mabanja ambiri amagwera m'mbuna. Inshuwalansi ya paulendo imene amakugulitsani pamodzi ndi tikiti kawirikawiri imaika malire pa za uchembere. Ina imasiya pa sabata inayake, ina imalipira mayi koma osati mwana wobadwira paulendo, pamene bilu yaikulu ndi ya mwanayo. Afunseni mafunso awiri, ndipo ayankhe molemba: kodi mukulipira mavuto a pakati mpaka sabata iti, ndipo mwana atabadwa kumeneko n'kugonekedwa kunazale, alipira ndani? Sikimu ya zachipatala ya kuntchito muifunsenso ngati imagwira kunja pa zadzidzidzi. Zipatala zolipira za ku South Africa zimafuna mlendo aperekeretu ndalama kapena chitsimikizo cha inshuwalansi, ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mmene ndalama zakunja zikusowera m'mabanki, masabata angapo a kunazale angathe kugulitsitsa poloti. Mwana wobadwa pa 26 nthawi zambiri amatuluka m'chipatala kufupi ndi tsiku limene amayembekezeka, ndiye kuti miyezi ngati itatu, pamene inu anakudindirani masiku 30. Kubadwira ku South Africa sikumupatsa unzika wa kumeneko ngati makolo ndi alendo. Mudzafunika chikalata cha kubadwa, kenako chikalata choyendera chochokera ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Sindikukuopsezani. Ndikufuna kuti ola limodzi la kufunsa mafunso mulithere kunyumba, musanapite. Ndipo ngati ulendowu ukudya ndalama zimene munasungira kuchira, mwina n'kudzafunika opareshoni, uchepetseni.

Za panjira n'zosavuta. Pakati pamapangitsa magazi kuundana msanga, thupi likukonzekera tsiku lochira, ndipo kukhala malo amodzi maola oposa 4 kumaonjezera. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, muziimirira pafupipafupi, mukakhala muzizunguliza akakolo, ndipo muzimwa madzi osaopa chimbudzi. Masokosi othina a kufamase, oyeza bwino saizi, amathandiza pa ulendo wautali. Musadzigulire asipirini nokha. Pa galimoto muziima ola ndi theka lililonse. Lamba amangidwe nthawi zonse: wa m'munsi adutse pansi pa mimba, agwire mafupa a chiuno, wa paphewa adutse pakati pa mabere n'kutsikira m'mbali mwa mimba. Ndimaona amayi atakoka lamba ndi dzanja kuti asakhudze mimba, kapena atamuponyera kumsana. Pa ngozi chimene chimapha mwana kwambiri ndi kuvulala kwa mayi ake. Galimoto ikagunda, ngakhale pang'ono, ngakhale mukumva bwino, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nsengwa imatha kumatuka mwakachetechete.

Pa chakudya, chimene chili chotentha, chophikidwa kumene, idyani ndi mtima wonse. Mukukumbukira mu 2018 pamene polony wa ku South Africa anachotsedwa m'mashopu athu? Kunali mliri wa listeria umene unagwira anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda, ndipo gwero lake linapezeka pa fakitale ina ku Polokwane. Mliriwo unatha, koma kachilomboka kamakula ngakhale mufiriji, ndipo kamakonda amayi oyembekezera. Nyama zozizira za pa tebulo la m'mawa ku hotela, biltong, sushi, nkhono za m'nyanja zosaphika, tchizi chofewa cha mkaka wosawiritsa, nyama yofiira m'kati, zonsezi zidikire. Vinyo wa ku Stellenbosch alawe bambo, kapena bwino aleke n'komwe, chifukwa dalaivala wanu wa usiku ndi iwowo. Cha ku Dinokeng imwani madzi a m'botolo. Hammanskraal, kumene kunabuka kolera mu 2023, ndi pafupi. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ndi Panado. Brufen ayi. Bafa la madzi otentha kwambiri ndi kachipinda ka nthunzi ku hotela muzipewe, koma kusambira padamu la hotela n'kwabwino kwambiri kwa msana. Za kuchipinda, poti ndi kaulendo ka awiri: ngati simunatayepo magazi, nsengwa ili pamalo pake ndipo dokotala sanakuletseni, palibe choletsa.

Tsiku lofika, musanavule nsapato, funsani pa risepishoni chipatala cha amayi chapafupi chimene chimatsegula usiku, ndipo bambo aone njira yake pa foni. Zimene zikuyenera kukuthamangitsirani kumeneko osadikira kuti kuche ndi kutaya magazi ngakhale pang'ono, kutuluka madzi, kupweteka m'mimba kapena msana kobwera n'kumapita mwa nthawi yofanana, mutu waukulu wosamva Panado pamodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, mwendo umodzi kutupa n'kumapweteka pa katumba, kubanika, ndi mwana kuchepetsa kusewera. Bambo azidziwenso zimenezi pamtima, chifukwa mayi ali pa holide imene walipira modula amakonda kunena kuti "zisiya zokha". Mukabwerako, thupi likatentha m'masabata otsatira, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo nenani kumene munali.

Nanga apongozi? Musawaone ngati otsalira. Anakula akumva kuti pakati ndi pakati pa moyo ndi imfa, ndipo mwina anaonapo mnzawo akuchirira m'ngolo pa njira ya kuchipatala. Chimene akunena ndi chimene ine ndakhala ndikunena kuyambira pamwamba: wa pakati asatalikire thandizo. Tasiyana pa njira chabe. Iwo akuti musachoke, ine ndikuti mupite kumene thandizo lili pafupi. Nkhaniyi akaikambe ndi mwana wawo, osati inu. Mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amamveka ngati mwano. Akawauze kuti kusikelo avomera, awatchulire tsiku lopita ndi lobwera, dzina la chipatala chapafupi, ndi kuti ulendo wa ndege ndi waufupi kuposa wa pa basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Muziwaimbira madzulo alionse, amve mawu anu eni. Ndipo poti mukuchoka pa Tsiku la Anakubala lenilenilo, kawaoneni kaye Lamulungu la m'mbuyo mwake, mphatso ili m'manja, kuti isadzakhale nkhani yoti holide yawo munakadyera ku Joni. Pobwera muwagulire nsalu ya shweshwe, koma muwauze aichape asanasoketse, chifukwa imabwera yolimba ngati katoni ndi sitachi wake.